Za Ngwazi Zosafa ndi Mlendo Wofika Mochedwa

Munthu amene afuna lero kuyamba kuwerenga timabuku ta nkhani za zithunzi ta ku America, tija tosimba za ngwazi zouluka m'mlengalenga ndi zothyola zitsulo ndi manja, apeza kuti nkhaniyo idayamba agogo ake asanabadwe, ndi kuti palibe tsamba limene lili ndi nthawi yomufotokozera chiyambi chake. Kabuku kotchedwa Action Comics, mmene Superman adaonekera koyamba m'chaka cha 1938, kadafika pa nambala 1000 m'chaka cha 2018. Batman wakhala akulondera mzinda wake kuyambira 1939, ndipo Spider-Man wakhala akukwawa m'makoma a New York kuyambira 1962. Ndipo mbiri za onsewa, zolembedwa ndi kujambulidwa ndi manja mazanamazana a anthu amene ambiri a iwo adagona kale, zalukanalukana kotero kuti tsamba limodzi la lero likhoza kutsamira pa zinthu zimene zidasimbidwa zaka makumi anai zapitazo. Wofika mochedwa atsegula, aona nkhope zimene onse azidziwa koma iye yekha, amva za udani umene gwero lake palibe alitchula, ndipo kawirikawiri atseka kabukuko nadziyesa wopusa, pamene cholakwa sichili mwa iye.

Ambiri adzati limeneli ndi vuto la amalonda, loyenera kukambidwa ndi osindikiza mabuku pamene awerengera phindu lawo. Koma ine ndikhulupirira kuti pansi pa dandaulo limeneli pagona funso limene anzeru ndi aphunzitsi a chipembedzo akhala akulimbana nalo kuyambira kalekale, ndilo lakuti, kodi chinthu chopanda mathero chingakhale ndi tanthauzo kwa ife amene masiku athu ali owerengeka? Pakuti madandaulo awiri amene amveka kawirikawiri za timabuku timeneti, lina lakuti mlendo sapeza polowera, lina lakuti ngwazi zake zikafa sizikhalitsa m'manda, ine ndiwayesa nthenda imodzi yotulukira pawiri. Ndipo chimene ndifuna kuonetsa ndi ichi, kuti nkhani imene ikana kukhala ndi manda idzapezeka kuti ilibenso khomo.

Pachiyambi sizidali chomwecho. M'zaka za 1940 ndi 1950 kabuku kamodzi kankagulidwa ndi masenti 10 pamalo pogulitsira nyuzipepala, ndipo popeza wogula wake adali mwana amene sadadziwe ngati mwezi wamawa adzakhala nayo ndalama, alembi ankasamala kawirikawiri kuti nkhani iyambe ndi kutha pakati pa zikuto ziwiri zomwezo. Kusintha kudadza makamaka kuyambira 1961, pamene Stan Lee ndi Jack Kirby, a kampani ya Marvel, adatulutsa Fantastic Four, nayamba kumanga dziko limodzi mmene ngwazi zimakumana, zimakangana, ndi kukumbukira mwezi uno chimene chidachitika mwezi watha. Ichi chidali chinthu chokoma, ndipo sindichinyoza, pakuti kukumbukira ndiko kumene kusandutsa chidole kukhala munthu. Komatu pofika zaka za 1980 timabukuti tidali titachoka pang'onopang'ono m'misika ya anthu onse ndi kulowa m'masitolo apadera, mmene amalowa okhawo amene adatikonda kale. Owerenga adakula msinkhu, alembi ambiri atsopano adatuluka pakati pa owerenga omwewo, ndipo mosazindikira adayamba kulembera anzawo odziwa, kuiwala mwana amene aimirira panja.

Mtumwi Paulo, polembera Timoteo, adamchenjeza za anthu otanganidwa ndi kuwerenga mibadwo ya makolo kosalekeza, chifukwa ntchito yotere imabala makani koma simangirira munthu. Sikuti mzere wa makolo uli woipa mwa iwo wokha, pakuti Mateyu ayamba nawo Uthenga wake. Koma atatha mavesi 17 auleka natifikitsa pa kubadwa kwa mwana, pamene Marko sautchula ndi pang'ono pomwe, angoyamba ndi Yohane ali m'chipululu. Onse awiri adadziwa kuti mbiri ya zakale ndi wantchito wa nkhani, si mbuye wake, ndi kuti wolemba amene afuna kuti wakumva ayambe waloweza maina onse asanamve chimene chidachitika watseka chitseko chimene adatumidwa kukatsegula.

Nanga chifukwa chake n'chiyani mbiri za ngwazizi zingokulirakulira, osafika pamene zingathe? Muzu wake uli pa tsiku lija Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anyamata awiri a ku Cleveland, ana a Ayuda osamuka ku Ulaya, adagulitsa Superman kwa osindikiza pa mtengo wa madola 130. Nkhani imene adabwera nayo idali ndi fungo la Malembo a makolo awo: khanda loikidwa m'chombo ndi makolo ake kuti lipulumuke chionongeko, lotoledwa ndi alendo, lokulira pakati pa anthu a mtundu wina, kenaka n'kukhala mpulumutsi wa ozunzidwa, ndipo ndani angawerenge zimenezi osakumbukira Mose m'kabokosi ka gumbwa pakati pa mabango a mtsinje? Koma mbiri ya Mose ili ndi phiri la Nebo, pamene nkhalambayo idaona dziko lolonjezedwa ndi maso okha, nifera kutsidya lino, nisiya ntchito m'manja mwa Yoswa. Superman alibe Nebo, ndipo sangakhale naye, chifukwa kuyambira tsiku la malonda lija adasanduka chuma cha kampani, ndipo chuma chimene chibala ndalama mwezi ndi mwezi palibe mwini amene angalole kuti chikalambe kapena kuikidwa m'manda.

Umberto Eco, wanzeru wa ku Italy, adalemba za chinthu chimenechi m'zaka za 1960, naonetsa kuti ntchito iliyonse imene munthu aichita imamsendeza phazi limodzi kulinga ku imfa, popeza kuchita kanthu ndiko kudya nthawi, ndi kuti chifukwa cha ichi alembi a Superman ankamsunga m'nyengo yonga ya kutulo, mmene zinthu zichitika koma dzulo ndi mawa sizidziwika bwino. Pamene alembi a pambuyo pake adafuna zonse ziwiri, kuti ngwazi ikumbukire dzulo koma isayandikire manda, adadzitchera okha msampha. Pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Peter Parker, amene ndiye Spider-Man, adali mnyamata wa sukulu m'chaka cha 1962, ndipo patapita zaka zoposa 60 akadali wopanda imvi. Iron Man, amene pachiyambi adavulala ku Vietnam, m'kanema wa 2008 adavulala ku Afghanistan, chifukwa nkhondo yoyamba ija idakalamba pamene iye sadaloledwe kukalamba. Zaka ziunjikana kumbuyo kwa ngwazi, koma pathupi pake sizioneka, ndipo mtolo wonse wa zakazo ugwera pamutu pa wowerenga.

Osindikiza adauona mtolowo, ndipo mankhwala amene adasankha adali kufafaniza. M'zaka za 1985 ndi 1986 kampani ya DC idatulutsa timabuku 12 ta Crisis on Infinite Earths, ntchito ya Marv Wolfman ndi George Pérez, mmene maiko ambirimbiri amene adachulukana m'nkhani zawo kuyambira 1961 adaonongedwa, natsala limodzi, kuti wowerenga watsopano ayambe pamalo oyera. Cholinga chidali chachifundo, ndipo zojambula za Pérez, amene ankatha kuika khamu la ngwazi patsamba limodzi yense ndi nkhope yakeyake, zikadali zodabwitsa kufikira lero. Koma posakhalitsa mafunso atsopano adabuka, akuti mwa zakale zija n'ziti zimene zidachitikadi ndipo n'ziti zimene zidafafanizika. Padafunika kukonzanso mu 1994, ndiponso mu 2005. Ndipo mu 2011 timabuku 52 tidayambanso pa nambala 1, kufikira kuti Action Comics yomwe, itapitirira nambala 900, idabwezedwa pachiyambi, ndipo patatha zaka zisanu idabwezeredwanso manambala ake akale. Mlendo amene kale ankafunika kudziwa mbiri imodzi, tsopano afunika kudziwa mbiri zingapo pamodzi ndi mbiri ya kufafanizidwa kwake. Akulu adati madzi akatayika saoleka, ndipo nkhani imene iphunzitsa kuti aoleka inama pa chinthu chimene ngakhale mwana achidziwa.

Palibe pamene bodza limeneli lidaonekera poyera koposa m'nkhani ya Spider-Man ya mu 2007, yotchedwa One More Day. Peter Parker adali atakwatira Mary Jane mu 1987, ndipo kwa zaka 20 owerenga adamuona ali mwamuna wapabanja. Koma akulu a kampani adaona kuti ukwati umkalambitsa. Tsono nkhani idakonzedwa motere: mayi ake aakulu a May, amene adamlera, ali gone pafupi kufa atawomberedwa ndi mfuti, ndipo Mephisto, amene m'nkhanizi aimira mdierekezi, alonjeza kuwachiritsa ngati Peter ndi mkazi wake apereka ukwati wawo kuti ukhale ngati sudachitikepo, ndipo iwo avomera. Taonani kulemera kwa chinthu ichi: kuti nkhalamba isafe ndi kuti mnyamata asakule, pangano lopatulika liperekedwa m'manja mwa woipayo, ndipo ngwazi imene ana aitsanzira ndiyo ichita malondawo. Owerenga ambiri adakwiya, ndipo mkwiyo wawo udali wolungama, chifukwa adazindikira kuti kukana imfa kuli ndi mtengo wake, ndi kuti mtengowo ulipidwa ndi zinthu zomwezo zimene zipatsa moyo ulemu.

Pamene nkhanizi zilola imfa, ziilola ndi dzanja limodzi ndi kuibweza ndi linzake. Chakumapeto kwa 1992 Superman adaphedwa ndi chilombo chotchedwa Doomsday, ndipo amisiri adakonza imfayo ndi luso loyenera kutamandidwa: m'timabuku tinai totsiriza ta nkhondoyo, koyamba kadali ndi zithunzi zinai patsamba lililonse, kachiwiri zitatu, kachitatu ziwiri, ndipo kotsiriza, Superman nambala 75, kojambulidwa ndi Dan Jurgens, kadali ndi chithunzi chimodzi chokha chodzaza tsamba lonse, kotero kuti wowerenga, ngakhale sadziwa chifukwa chake, amva m'thupi mwake kuti nthawi ikutha ndi kuti nkhonya iliyonse ikulemera koposa inzake. Nyuzipepala zidalengeza, anthu amene sadagulepo kabuku kotere adaima pamizere m'masitolo, ndipo kwa kanthawi khomo lidatseguka kwa alendo ochuluka, chifukwa imfa ndi chilankhulo chimene munthu aliyense achimva. Koma chaka chisanathe manda adapezeka opanda kanthu, ndipo ngwaziyo idabwerera ku ntchito yake yakale. Chomwechonso Jason Todd, Robin wachiwiri, mnyamata wothandiza Batman, amene mu 1988 owerenga adapemphedwa kumweruza poimba lamya pa nambala ziwiri, ina ya moyo ina ya imfa, nafa chifukwa mwa mavoti oposa 10,000 ofuna imfa adapambana ndi 72 okha, adaukitsidwa mu 2005. Ngwazi ina, Jean Grey, adafa mu 1980 nabwera mu 1986. Inanso, Barry Allen, adafa mu Crisis nabwera mu 2008. Tsobola wakale sawawa. Lero ngwazi ikafa, owerenga akale salira, angofunsana mwezi umene idzabwere.

Pano wina adzanditsutsa, ndipo kutsutsa kwake n'koyenera kukumva. Adzati, kodi si chikhulupiriro cha Akhristu chomwe chiphunzitsa kuti manda si mathero? Nanga bwanji mukaniza ngwazi za m'mabuku chiyembekezo chimene muchilalikira m'tchalitchi? Yankho langa n'lakuti kuuka kumene Mauthenga asimba n'kosiyana kotheratu ndi kubwerera kumene timabukuti tisimba. Wouka wa m'Mauthenga adauka ali ndi mabala ake, kotero kuti Tomasi adaitanidwa kuwakhudza. Sadabwerere ku Nazarete kukapalanso matabwa monga ngati palibe chidachitika. Adafa kamodzi, ndipo atakhala masiku 40 adachoka, nasiya ntchito kwa ophunzira ake amene moyo wawo sudakhalenso monga kale. Kuuka kumeneko sikufafaniza mtanda, koma kuutsimikiza ndi kuupatsa tanthauzo. Koma ngwazi ya m'kabuku ibwera yopanda chipsera, ikhala pa mpando womwewo, imenyana ndi adani omwewo, ndipo misozi ya amene adailira isanduka yachabe. Kumeneko si kugonjetsa imfa, koma kunena kuti imfa sidachitike. Ndipo nsembe imene wopereka adziwa kuti mawa adzabwezeredwa siyenera kutchedwa nsembe.

Komabe m'nkhani zomwezi muli manda ena amene alembi kawirikawiri aopa kuwafukula, ndipo pamenepa ndi pamene pali mtima wa chimene ndikunena. Dziko la Krypton lidaphulika pamodzi ndi makolo a Superman. Thomas ndi Martha Wayne adawomberedwa m'khwalala mwana wawo Bruce, amene adadzakhala Batman, akuona. Bambo ake aakulu a Peter Parker, a Ben, adaphedwa ndi mbala m'nyumba mwawo. Ngwazi zitatu zodziwika koposa zonse ndi ana amasiye. Ndipo funsani munthu aliyense amene sadawerengepo kabuku ndi kamodzi komwe, mudzapeza kuti zimene adziwa za ngwazizi ndi imfa zimenezi. Sadziwa mayina a adani, sadziwa za maiko ofafanizidwa, koma adziwa kuti mwana uja adatsala yekha. Manda amene adakhala otseka ndiwo makomo amene alendo onse alowerapo, popeza safuna kuloweza kanthu kuti uwamvetse. Afuna kokha kuti ukhale munthu amene adapitapo pamaliro.

Nkhani yoyamba ya Spider-Man, imene Stan Lee ndi Steve Ditko adaisimba m'masamba 11 okha mu Amazing Fantasy nambala 15, ndiyo chitsanzo changwiro. Mnyamata wonyozeka alumidwa ndi kangaude, alandira mphamvu, ndipo choyamba chimene aganiza ndicho kupeza nazo ndalama ndi kutchuka. Tsiku lina mbala ithamanga kudutsa pamaso pake ikuthamangitsidwa, iye aileka ipite poyesa kuti si ntchito yake. Patapita masiku ochepa a Ben aphedwa, ndipo pamene mnyamatayo agwira wakuphayo ndi kuona nkhope yake, apeza kuti ndi yemwe uja adamlekerera. Palibe chiwanda pano, palibe nkhondo ya maiko. Pali tchimo la wansembe ndi Mlevi amene adalambalala munthu wovulala panjira ya ku Yeriko, tchimo la kusachita chabwino chimene udakhoza kuchita. Ndipo chifukwa a Ben sadzabweranso, chiphunzitso chakuti wolandira zambiri adzafunsidwanso zambiri chikhala cholemera pa mnyamatayo masiku ake onse. Mwana wa zaka khumi amva nkhaniyi kamodzi, naisunga kufikira ukalamba.

Kunena za zojambula, tiyenera kukumbukira kuti chithunzi chidapatsidwa kwa anthu kuti chikhale chifundo kwa wosadziwa. Cha m'ma 600, Papa Gregory Wamkulu adalembera Serenus, bishopu wa ku Marseille amene adaphwanya zithunzi za m'tchalitchi, namuuza kuti ngakhale zithunzi siziyenera kupembedzedwa, siziyeneranso kuonongedwa, chifukwa mwa izo osadziwa kuwerenga aona chimene odziwa achipeza m'malemba. Wojambula wa timabukuti ali wolowa m'malo wa amisiri amenewo, ndipo ali ndi chida china chimene iwo adalibe kwenikweni, ndicho mpata woyera umene uli pakati pa chithunzi ndi chinzake. Scott McCloud, m'buku lake la mu 1993, adaonetsa kuti mumpata umenewu ndi mmene wowerenga agwira ntchito yake: aona dzanja litakwezedwa m'chithunzi china, aona munthu ali pansi m'chotsatira, ndipo nkhonyayo aimenya yekha m'maganizo mwake. Potero mmisiri wabwino ayesa wowerenga mnzake wa pantchito, namsiyira mpata umene angaulumphe. Mmisiri wosasamala, amene adzaza tsamba ndi minofu, moto ndi nkhope makumi awiri zosatchulidwa maina, asiya phompho limene angaliwoloke yekhayo amene adawerenga zonse zam'mbuyo.

Onani chimene Ditko adachita mu Amazing Spider-Man nambala 33, mu 1966. Peter wapsinjidwa pansi pa makina achitsulo olemera, madzi akudontha kuchokera kudenga, ndipo mankhwala opulumutsa mayi ake a May ali pafupi koma dzanja silifika. Kwa masamba angapo palibe china chichitika koma mnyamata kuyesa kunyamula, kulephera, kukumbukira a Ben, ndi kuyesanso, pamene zithunzi zikulirakulira pang'onopang'ono monga mphamvu ikukwera m'msana mwake, kufikira tsamba lathunthu pamene chitsulo chichoka. Mlendo amene sadziwa dzina la mdani amene adagwetsa makinawo sataya kanthu, chifukwa mbiri yonse yofunika ili pankhope ndi pamapewa. Chomwechonso Frank Quitely, pa tsamba loyamba la All-Star Superman, adasimba chiyambi chonse cha ngwaziyo m'zithunzi zinai zokhala ndi mawu asanu ndi atatu okha a Grant Morrison. Zakale sizidafafanizidwe, zidanyamulidwa mopepuka, monga munthu wamkulu anyamula ubwana wake osafunika kuusimba wonse kwa aliyense amene akumana naye.

Makolo athu adadziwa njira imeneyi pocheza madzulo. Kalulu wa m'nthano sakalamba, ndipo abwera usiku uno monga adabwerera dzulo. Koma wosimba akati padangokhala, ana nayankha kuti tili tonse, nthanoyo iyamba yathunthu ndipo itha yathunthu usiku womwewo, wochenjera atalandira mphotho kapena chilango chake, kotero kuti mwana wa mlendo amene wafika lero akhala pamphasa mofanana ndi mwana wa pakhomo. Ngwazi ikhoza kukhala yosafa m'mibadwo, malinga kusimba kulikonse kukhale ndi mathero akeake ndi mtengo umene ulipidwadi. Ndipo si mwangozi kuti mabuku amene odziwa apatsa mlendo akafunsa poyambira ali omwewo amene adaloledwa kutha: Watchmen, ya Alan Moore ndi Dave Gibbons, timabuku 12 ta 1986 ndi 1987, mmene akufa akhala akufa, Kingdom Come, ya Mark Waid ndi Alex Ross, ya mu 1996, mmene ngwazi zakalamba ndipo mboni ya chiweruzo chawo ndi mbusa wa mpingo, ndi All-Star Superman yomwe ija, ya 2005 mpaka 2008, mmene Superman adziwa kuyambira pachiyambi kuti akufa, nayamba kusankha chimene achite ndi masiku otsala. M'buku limenelo muli tsamba limodzi pamene atsikira padenga la nyumba yaitali kukakumbatira mtsikana wofuna kudziponya pansi. Ndipo tsambalo ligwira mtima chifukwa wopereka mphindi imeneyo ali nazo zowerengeka.

Sindifuna kuchimwira owerenga akale, amene asunga mbiri zimenezi ndi chikondi kwa zaka zambiri, pakuti kukhulupirika kwawo n'kwenikweni, ndipo chimwemwe chimene amva poona chinthu chodzalidwa kalekale chikubala zipatso lero si chopeputsa. Koma ayenera kusamala mtima wa antchito aja a m'munda wa mphesa, amene adalembedwa m'mamawa nadandaula poona ofika dzuwa litapendeka akulandira malipiro ofanana ndi awo. Nkhani si malipiro a zaka zimene munthu watumikira; ndi mphatso, ndipo mtsikana amene wayamba dzulo ndi Miles Morales, Spider-Man watsopano amene adaonekera mu 2011, ali ndi gawo lathunthu monga nkhalamba imene idagula kabuku ka 1962. Ntchito yoyenera wodziwa ndi ija ya Filipo, amene atapeza nduna ya ku Etiopia ikuwerenga Yesaya m'galeta osamvetsa, sadaifunse ngati idayamba yawerenga mabuku onse a Mose, koma adakwera nakhala nayo, nayambira pa lemba lomwelo limene lidali lotsegula. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mafunso ake osavuta, akuti uyu ndani ndipo akulirira chiyani, ndiwo ayesa ngati nkhani ikadali yamoyo kapena yasanduka mndandanda wa maina.

Chifukwa chake nkhani iyi indikhudza, ngakhale ikamba za timabuku ta dziko lakutali, n'chakuti tonsefe tili ofika mochedwa. Palibe mmodzi wa ife amene adaona chiyambi cha dziko, kapena cha mtundu wake, kapena cha banja limene adabadwiramo. Tibadwa mkangano uli pakati, tiphunzira maina a akufa amene sitidawaone, ndipo tichoka mathero asanafike. Chimene chitilola kulowa ndi kukhala eni a mbiri yotere si kudziwa zonse zam'mbuyo, pakuti palibe azidziwa, koma kuti amene adatitsogolera adakalamba, natisiyira malo, ndi kuti zimene adachita, zabwino ndi zoipa, sizingasinthidwenso ndipo chifukwa chake zingathe kutiphunzitsa. Dziko limene akulu sakalamba ndi dziko limene ana sadzalandira cholowa. Joe Shuster adamwalira mu Julayi 1992, maso ake atafooka kwa zaka zambiri, miyezi yochepa Superman asanaphedwe patsamba. Ngwaziyo idabwera chaka chotsatira, koma mmisiri sadabwere, ndipo Jerry Siegel adamtsatira mu 1996. Moyo wa anthu awiriwa, amene dzina lawo lidabwezeredwa pa ntchito yawo atakalamba, pambuyo pa pangano la mu 1975, uli ndi chiyambi, chisalungamo, kupirira ndi mathero, ndipo aliyense aumva pa kusimba kumodzi.

Potero pempho langa kwa alembi ndi ojambula a nkhani zotere, kulikonse kumene ali, ndi lakuti alimbe mtima kumaliza chimene ayamba. Alole kuti cholakwa chikhale ndi chipsera, kuti lumbiro likhale lomanga, ndi kuti wakufa alilidwe moona. Ndipo pojambula tsamba lililonse akumbukire kuti pali wina amene ili ndilo tsamba lake loyamba. Ndipo kwa iye amene afuna kuyamba koma aopa kuchuluka kwa manambala, ndinena kuti asadikire kudziwa zonse: atenge buku limodzi limene lili ndi mathero, aliwerenge kufikira tsamba lotsiriza, ndipo aliyese ndi muyeso umene ayesera nkhani ina iliyonse, ndiwo wakuti kodi lamthandiza kukhala wachifundo ndi wolimba mtima m'masiku amene wapatsidwa.